Magazi a amayi sakuthamanga

Mwezi wa June chaka chatha mlongo wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Moni panalibe, mawu panalibe, chithunzi chokha basi. Kamakina koyezera BP kali pamkeka, pagalasi pake pali 176/102, ndipo m'munsi mwake kanambala kena kakang'ono, 71. Cha m'mphepete mumaoneka nsonga ya chitenje cha amayi, chobiriwira chija amavala akachokera ku tchalitchi.

Kamakinako ndinagula ndine ndi malipiro anga oyamba. Tsiku limene ndinkakapereka ndinkadziona ngati mwana wanzeru kwambiri m'boma lonse la Dedza.

Ndinasiya mapepala a ana a Fomu 3 omwe ndinkachonga n'kutuluka panja kukaimba foni.

"Amayi, mankhwala aja mukumwa?"

"Wayamba liti kufunsa anthu mafunso usanawapatse moni?"

"Pepani. Mwaswera bwanji? Mankhwala aja mukumwa?"

"Ndinasiya pa Isitala. Ine ndili bwinobwino, ndikulima, ndikudya. Amati magazi anga akuthamanga, eti? Ndadzigwira pamkono pompano, akuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Kamakina kakoko n'kabodza."

Chomwe chinandisowetsa chonena n'chakuti amayi sankanama. Kanambala ka 71 kaja ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi, ndipo 71 ndi nambala yabwino zedi. Magazi awo sankathamanga ndithu. Vuto ndi dzina lomwe tinawapatsa matendawa. Pa wailesi, pa zikwangwani za ku chipatala, ngakhale pamaliro polengeza chomwe chatenga malemu, timati matenda othamanga magazi. Ukamva choncho umaganiza za mtsinje wa Linthipe mu February, kapena mtima ukugunda ngati mbalule. Ndiye ukadzigwira pamkono n'kupeza zonse zili phee, mankhwala ukamwerenji? Koma chomwe makina aja amayeza si liwiro. Amayeza mmene magazi akukankhira makoma a mitsempha yomwe akudutsamo. Ndipo chinthu chikhoza kukhala duu, osasuntha n'komwe, koma chikukankha koopsa.

Ntchito yanga ndi yomweyi. Ndimaphunzitsa Physics pa sekondale ina yapulaiveti mu Lilongwe muno, ndipo mutu wa pulesha ndimauphunzitsa chaka ndi chaka mpaka ndimaulota. Ndiye ndinayamba, mwamatama ndithu, kuwafotokozera amayi pafoni, theka Chichewa theka Chizungu. Anandimvetsera kwa mphindi ngati ziwiri.

"Aphunzitsi, musathe mayunitsi anu. Tsalani bwino."

Anadula.

Usiku umenewo ndinagona ndikusaka mawu. Pulesha pa Chichewa ndi chiyani? Timangobwereka. Madzi a pampopi lero alibe pulesha. Tayala lakumbuyo likufunika pulesha. Aise, usandipatse pulesha. Koma kusowa kwa liwu limodzi sikutanthauza kuti chinthucho sitichidziwa. Mtsikana aliyense wakumudzi amachidziwa asanafike Sitandade 3, chifukwa anasenzapo ndowa popanda nkhata. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, kaya pali nkhata kaya palibe. Kulemerako sikusintha. Chimene chimasintha ndi kukula kwa malo omwe kulemerako kwatsamira. Popanda nkhata, pansi pa ndowa pamakhudza kamalo kochepa pa liwombo, ndipo kamalo komweko kamasenza zonse. Nkhata imagawa katunduyo pamutu ponse. N'chifukwa chakenso timanola mpeni: mphamvu ya dzanja ndi yomweyo, koma taisonkhanitsa pa kamzere kopyapyala. Munga umalasa, mwala wosalala sulasa, koma woponda ndi munthu yemweyo. Fomyula yomwe tinkaloweza ija, mphamvu kugawa ndi malo, ndi nkhata basi.

Madzi ndiye ali ndi khalidwe lawolawo. Amakankha mbali zonse, pansi, m'mbali, ngakhale m'mwamba, ndipo kukankhako kumakula ndi kuya kwake, osati ndi kuchuluka kwake. Mgolo ukabooka cha pamwamba madzi amangodontha, ukabooka cha pansi amathovoka mpaka patali. Thanki timaikweza pa nsanja pa chifukwa chomwechi. Izi ndinazilemba pa mayeso a MSCE mu 2015, pa pepala la Physical Science, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri. Chaka chotsatira ndinalephera mayeso enieni.

Kwathu ndi cha ku Bembeke. Bambo anali ndi dimba m'mphepete mwa dambo, momwe ankalima kabichi, tomato ndi mbatatesi, ndipo fizi yathu yonse inkachokera m'menemo. Anali ndi thiredo pampu, ija yopalasa ndi miyendo ngati ukukwera masitepe osatha. Paipi imodzi inkalowa m'chitsime chomwe anakumba okha, ina inkapita ku mabedi. Mu 2016 ndinali pakhomo kudikira kuti mwina dzina langa lituluka ku yunivesite, ndiye wopalasa ndinali ine. Amene mukukumbuka chaka chimenecho mukudziwa mmene mvula inatichitira. Mu April boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Dambo lathu, lomwe agogo ankati siliuma, linayamba kung'aluka mu August.

Madzi m'chitsime ankatsika sabata ndi sabata. Bambo ankalowa ndi khasu ndi ndowa kukumba, ine pamwamba kukoka dothi. Tikapeza madzi, timalumikiza paipi ina kuti ifike pansi. Zinayenda choncho mpaka tsiku lina m'mwezi wa October pamene pampu inangosiya. Madzi alipo, tikuwaona ndi maso athu pansipo akunyezimira, paipi yamira bwinobwino, koma ukapalasa zopondera zimangolimba n'kubwerera, kumapeto kwa paipi kumangotuluka kaphokoso ngati munthu wa mphumu. Tinathira madzi pamwamba kuti igwire. Inalavula pang'ono, n'kusiyanso.

Bambo anati mphira zam'kati zatha. Anapalasa njinga mpaka pa boma kukagula zina. Sizinathandize. Anati paipi ikuba mpweya, tinaimanga ndi malegeni polumikizira paliponse. Osatheka. Kenaka anagulitsa mbuzi, yomwe inali ndi bere, n'kuitana mmisiri wina wochokera kutali yemwe anamasula pampu yonse, n'kuimanganso, n'kulandira ndalama yake, n'kunena kuti mwina pali munthu amene sakukondwa ndi dimba lathu. Bambo sankakhulupirira zoterozo, koma madzulo amenewo ndinawaona ataima nthawi yaitali akuyang'ana kumunda kwa aneba.

Anayeza chitsimecho ndi chingwe. Kuchokera pomwe panali pampu kukafika pamwamba pa madzi panali mamita 7 ndi kachidutswa. Ndiye anandifunsa funso lomwe mpaka lero ndimalimva:

"Iwe wapita kusukulu. Mjigo wa pasukulu paja ndi wakuya kuposa chitsime changachi kanayi kapena kasanu, koma mwana wa Sitandade 2 akupopa madzi n'kutuluka. Changachi chavuta pati?"

Ndinayankha kuti mjigo ndi wa boma, ndi wamphamvu. Anangondiyang'ana. Tinamaliza chaka chimenecho tikutunga ndi ndowa ya chingwe ndi kuthirira ndi makeni, anthu atatu, m'bandakucha ndi madzulo. Theka la dimba linauma. Mlongo wanga anakhala pakhomo teremu yathunthu.

Yankho ndinalipeza ku Zomba, m'chaka changa choyamba, masana ena otentha ndikuwodzera m'kalasi. Mphunzitsi anayamba kukamba nkhani ya Galileo. M'buku lake la mu 1638 muli nkhani ya pampu ya pachitsime yomwe inkagwira bwino madzi akakhala pafupi koma n'kusiya akatsika. Mwini wake ankaganiza kuti yawonongeka, koma mmisiri anamuuza kuti pampuyo ilibe vuto: palibe pampu yoyamwa, yaikulu kaya yaing'ono, yomwe ingakweze madzi kupitirira mamita pafupifupi 10. Tulo tonse tinathera pomwepo. Ndinakhala tsonga ngati andiitana dzina.

Nkhani yake ili apa. Timati pampu imakoka madzi, monganso timati tikukoka maheu ndi sitiro. Koma palibe chimene chimakoka. Ukayamwa sitiro umangochotsa mpweya womwe unali m'katimo, ndipo mpweya wakunja, womwe watsamira pamwamba pa maheu m'kapumo, ndi umene umakankha maheuwo kuti akwere. Mpweya umalemera. Tazolowera kuuyesa chinthu chopanda pake chifukwa tinabadwiramo, koma pamwamba pa mutu wako pali mulu wa mpweya wotalika makilomita ambirimbiri. Ukakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere, mulu umenewu umatsamira ndi kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse kofanana ndi chikhadabo. Pa dzanja lotambasula ndiye kuti matumba awiri a chimanga kapena kuposa. Sutiphwanya chifukwa umakankha mbali zonse mofanana, ndipo zam'thupi mwathu nazo zimakankha chobweza.

Tsono mpweyawo mphamvu yake ili ndi malire. Ungathe kunyamula mzati wa madzi wotalika mamita 10.3, osapitirira. Pampu ingakhale yatsopano bwanji, wopalasa angakhale wamphamvu bwanji, wokankha weniweni ndi mpweya, ndipo ukafika pomwe umathera wafika basi.

Amene anazitulukira bwino ndi Evangelista Torricelli, yemwe anakhala ndi Galileo miyezi yomaliza ya moyo wake. Cha mu 1643 anaganiza zogwiritsa ntchito mercury m'malo mwa madzi, poti mercury imalemera kuposa madzi ka 13.6. Anadzaza paipi yagalasi yotseka mbali imodzi, n'kuizondotsa m'mbale ya mercury. Mercury inatsika pang'ono n'kuima pa mamilimita pafupifupi 760, pamwamba pake n'kusiya malo opanda kanthu. Chulukitsani 760 ndi 13.6, mupeza mamita 10.3 aja a mmisiri wa pampu. Mu 1648 Blaise Pascal anatuma mlamu wake, Florin Périer, kukwera phiri la Puy de Dôme ku France atanyamula chipangizo chomwechi. Pamwamba pa phiri mercury inatsika ndi masentimita pafupifupi 8. Ukakwera, mpweya wotsala pamwamba pako umachepa, ndipo kukankha kwake kumachepanso.

Apa m'pamene ndinamva kuwawa kwenikweni, chifukwa Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Aliyense amene anatsikapo msewu wa Khwekhwelere kupita ku Golomoti amadziwa mmene makutu amatsekekera, ndipo botolo lapulasitiki lopanda kanthu lomwe unalitseka kumtunda limafika kumunsi litafinyika ngati walikhalira. Kwathu mpweya ndi wopepukirapo. Madzi amawira asanafike pa madigiri 100, cha pa 95, ndipo n'chifukwa china nyemba zimatha nkhuni. Ndiye malire a pampu yoyamwa kwathu si mamita 10.3 ayi, ndi cha pa 8 ndi theka, ndipo apo ndiye kuti pampuyo ndi yangwiro, yosaba mpweya ngakhale pang'ono. Pampu yeniyeni, ya mphira ndi malegeni, imagonja isanafike n'komwe pamenepo. Chitsime cha bambo chinali pa 7 ndi kachidutswa.

Nanga mjigo wa pasukulu? Mijigo yambiri yomwe timaiona m'midzi ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo simayamwa kuchokera pamwamba. Kachipangizo kake kopopera kali pansi penipeni, m'madzi momwemo, ndipo chogwirira chija chimangokoka ndodo yaitali yomwe imanyamula madzi kuchokera pansi. Siidalira mpweya, n'chifukwa chake imatha kukweza madzi mamita mpaka 45. Funso la bambo linali funso labwino kuposa mafunso onse omwe ndinayankha pa MSCE.

Ndipo njira inalipo, yaulere. Tikanangokumba dzenje lakuya mamita awiri pambali pa chitsime, n'kutsitsiramo pampu kuti iyandikire madzi, ikanagwira ntchito. Khasu tinali nalo. Mbuzi ija ikanaswa. Nambala ya 760 ndinali nayo m'mutu tsiku lomwe bambo ankayeza chitsime ndi chingwe, koma inali m'chipinda cholembedwa kuti mayeso, ndipo chitseko cha pakati pa chipinda chimenecho ndi dimba sindinkadziwa kuti chimatseguka.

Pa holide ndinawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa mafunso awiri atatu, kenaka anaseka kwambiri mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti mmisiri uja anadya mbuzi yanga chifukwa cha mphepo?" Sanandidzudzule. Zikanakhala bwino akanatero.

Bambo anamwalira mu 2021. Anagwa m'dimba momwemo m'mawa wina, mbali imodzi ya thupi itafa, pakamwa patapotoka. Anagona m'chipatala masiku anayi. Adokotala anati ndi sitiroko, n'kutifunsa ngati ankamwa mankhwala a BP. Tinayang'anana. Munthu ankapalasa njinga ndi matumba awiri a mbatatesi kukwera zitunda za kwathu, sanadandaulepo kanthu kupatula mutu wa apo ndi apo. Akayezetse chiyani?

Ndiye mumvetse kuti chithunzi cha 176/102 chija sichinali nambala chabe kwa ine. Loweruka lomwelo ndinakwera minibasi.

Ndinawapeza amayi akuthira thobwa m'mabotolo. Amagulitsa pamsewu, m'mabotolo aja a madzi omwe anthu amataya, otsukidwa bwino. Tinadya, tinakamba za maliro a m'mudzi ndi mtengo wa feteleza. Kenaka ndinatenga khala pa mbaula ndi tepi yoyezera yomwe ndinabwereka kusukulu. Ulendo uno ndinali nditakonzekera, ngati kukubwera oyendera sukulu.

Ndinawauza za m'busa wina wa ku England, Stephen Hales, yemwe analemba mu 1733 za zomwe anachita ndi hatchi. Anaigoneka pansi, n'kulumikiza paipi yagalasi yaitali, yoimirira, ku mtsempha wake waukulu. Magazi anakwera m'paipimo mamita awiri ndi theka, n'kumadumphadumpha pamenepo, mtima ukagunda akwera pang'ono, ukapuma atsika pang'ono.

"M'busa ameneyo analibe nkhosa zoti aziyendera?" anafunsa amayi.

Ndinapitiriza. Masiku ano sitiboola munthu. Lamba uja timamanga pamkono anabwera ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896. Amafinya mkono mpaka magazi atasiya kudutsa, kenaka n'kumamasula pang'onopang'ono. Pomwe magazi ayambirenso kudzikankha kuti adutse, imeneyo ndiyo nambala yapamwamba. Yapansi ndi kukankha komwe kumatsala mtima ukamapuma pakati pa kugunda ndi kugunda. Ndipo manambala onsewa ndi mamilimita a mercury, muyeso womwe uja wa Torricelli. Kamakina ka mabatire kali pamkeka wa amayi ku Bembeke kamayankhula chiyankhulo cha munthu yemwe ankafufuza chifukwa chomwe pampu zimakanira. Izi zinandisangalatsa ine ndekha. Amayi ankayang'ana nkhuku.

Ndiye ndinapita pakhoma.

"Amayi, tiyerekeze mwagona pansi apa ngati hatchi ija."

"Ndayamba kukhala hatchi."

"Tingoyerekeza. Magazi a munthu yemwe BP yake ili pa 120 angakwere kufika apa." Ndinayeza mita imodzi ndi theka ndi kachidutswa, n'kulemba mzere ndi khala. Unali pafupifupi msinkhu wawo. "Anu a tsiku lija, a 176, angafike apa." Ndinakwera pampando. Mamita awiri ndi masentimita 26, pafupi ndi malata. "Mitsempha yanu inapangidwa kuti izisenza za mzere wapansiwu. Panopa ikusenza za wapamwambawo, usana ndi usiku, ngakhale muli mtulo. Ya m'mutu ndi yopyapyala. Simumva kanthu mpaka tsiku lomwe umodzi udzagonje."

Anayang'ana mizere iwiriyo kwa nthawi. Kenaka anadzuka, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mabotolo awiri a thobwa. Anandipatsa limodzi.

"Finya."

Linali lofewa, la tsiku lomwelo.

"Finya ili."

Linali gwa, ngati mwala. La dzana, lotsala, lomwe linayamba kusasa.

"Thobwa ali m'menemo akuthamanga?"

"Ayi."

"Wangokhala phee. Koma ukalisiya padzuwa osamasula chitsekerero, usiku umangomva phuu, khoma lonse thobwa. Si zimene wakhala ukuzungulira kuyambira pa foni paja zimenezi? Ukanangonena kuti ndasanduka botolo la dzana, ndikanamva kalekale. Mpaka kundidetsera khoma."

Anapotokola chitsekerero pang'ono. Linalira psii, n'kufewa m'manja mwawo.

Zaka zinayi za ku yunivesite, zaka zingapo ndikuphunzitsa, ndipo chitsanzo chabwino kuposa zonse zomwe ndili nazo m'buku langa lokonzekera maphunziro chinatuluka kuseri kwa chitseko cha amayi. Pano ndimachigwiritsa ntchito m'kalasi, ndipo ana a Fomu 3 amaganiza kuti ndi nzeru zanga.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha, ndapambana. Koma amayi anakhalanso pansi n'kunena motsitsa mawu, maso ali pa mabotolo:

"Ukuganiza kuti sindinaone mmene anagwera bambo ako? Ndinawapeza ndine."

Ndiye zinatuluka zenizeni. Mwa mapiritsi awiri omwe anawapatsa, amodzi ndi aja okodzetsa. Iwo ankamwa onse madzulo akamaliza ntchito, poti m'mawa amalawirira kumsewu ndipo kumeneko kulibe kothawira. Zotsatira zake, usiku ankadzuka katatu kapena kanayi. Chimbudzi chili kuseri, pafupi ndi nthochi. Kale bambo ankadzuka nawo n'kuima pakhomo ndi tochi, akung'ung'udza. Pano mlongo wanga amagona ngati mwala, ndipo iwo safuna kumudzutsa mwana yemwe m'mawa ali ndi sukulu. Kuzizira kwa kwathu mu June mukukudziwa. Usiku wina anaterereka pa mame n'kukhala pansi mumdima kwa kanthawi, osatha kudzuka, osafuna kukuwa. Sanauze munthu. M'mawa mwake anaika mapiritsi aja m'kabati.

Zoti magazi sakuthamanga zija ankazikhulupirira pang'ono, inde. Koma kwakukulu linali yankho losavuta kupereka kwa mwana wa m'tauni yemwe amaimba foni n'kuyamba ndi mafunso asanapereke moni.

Ndinalibe fomyula ya zimenezo. Ndinakhala chete, khala lili m'manja.

Lolemba sindinapite ku ntchito, ndinanama kuti ndadwala. Tinapita limodzi ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, tinakhala pa mzere kuyambira 7 koloko mpaka cha m'ma 11. Adokotala, mtsikana wa msinkhu wanga, anawayeza kawiri n'kupeza manambala osasiyana kwenikweni ndi a kamakina kabodza kaja. Anawauza kuti chilichonse chokhazikika kuyambira pa 140/90 kupita m'mwamba ndi chokwera. Atamva nkhani ya usiku anagwira pakamwa. Okodzetsawo, anatero, ndi akumwa m'mawa, kuti ntchito yawo ithe dzuwa lisanalowe. Anafotokozanso zomwe mapiritsiwo amachita, ndipo ine ndinangomva Physics yokhayokha: ena amachepetsa madzi ndi mchere m'thupi, ena amamasula mitsempha kuti itakasuke. Kuchepetsa zam'botolo, kapena kukulitsa botolo. Amayi anandiyang'ana cham'mbali, ndipo ndinadziwa kuti nawonso akuganiza za thobwa.

Pa za mchere ndiye panavuta. Mchere wa tsiku lonse usakwane supuni yaing'ono ya tiyi, kuphatikiza womwe uli kale m'zakudya. Ndipo soda, uja timathira mu therere ndi m'chigwada, naye ali m'gulu lomwelo.

"Therere lopanda soda ndi udzu, adokotala."

"Chepetsani, mayi. Sindinati musiye kudya."

Pobwerera tinadutsa pa msika. Ndinagula ndowa yaing'ono ya chivindikiro yoti izikhala m'chipinda usiku, ndi tochi yotchaja ndi dzuwa. Amayi anati ndowayo ndi ya nkhalamba ndipo saigwiritsa ntchito. Mlongo wanga akuti amaigwiritsa ntchito. Za kumsewu anakambirana ndi mayi wina wa golosale pafupi ndi pomwe amagulitsira, yemwe ali ndi chimbudzi kuseri, ndipo malipiro ake ndi botolo limodzi la thobwa pa tsiku.

Kuyambira pamenepo chithunzi chimabwera Lamlungu lililonse. 168/99. 160/96. Sabata ina chinakweranso, kunali maliro a achimwene awo. Mu September kunabwera 149/91, ndipo pachithunzicho kamakina sikanali pamkeka. Mlongo wanga anakanyamula m'manja kutsogolo kwa khoma lija. Mizere yanga iwiri inali pomwepo, sanaifufute. Pakati pake panali mizere ina inayi, yaifupi, yokhotakhota. Pansi pa chithunzi analemba kuti: "Akuti uwerengere ya leroyi ifika pati, ndikwere pampando ndilembe. Akuti usazungulire, ungonena masentimita."

Ndinawerengera pa kona ya pepala la mwana wina. Mita imodzi ndi masentimita 91. Ndinatumiza.

Sikuti zonse zili bwino. Therere likulowabe soda, ndinalawa ndekha pa Khirisimasi. Mwezi wathawu zithunzi zinasiya kubwera masabata awiri, ndipo nditaimba, moni poyamba, anandiuza kuti ku chipatala anawabweza kawiri kuti mankhwala amodzi atha, adzayesenso mwezi ukatha. Sanafune kundiuza poti akudziwa kuti lendi yakwera. Ndinatumiza ndalama pa foni kuti mlongo wanga akagule ku famase pa boma, yokwanira masiku 30, ndi ya minibasi. Anagula Lachinayi.

Lero ndi Lamlungu. Ku tchalitchi amatuluka cha m'ma 12, akafika adye kaye, apume, ndipo ndinawauza kuti asamayeze atangofika kumene, azikhala pansi mphindi zisanu, mkono uli pa tebulo. Pano ndi 1:40. Foni ili apa pambali pa mapepala, ndaichotsa pa silent.